Laputopu Yagwera m'Beseni

"Apa ndi pabalaza, adokotala, ndipo khomo ili likutulukira kukhitchini," anatero Rula, kamuvi kake ka pa kompyuta kakuyendayenda pa pulani.

Mayi Mapulani anagwedeza mutu mokhutira. Anali atakhala pa tebulo lodyera kunyumba kwawo, magalasi ali pamphuno, akuyang'ana nkhope ziwiri pa laputopu. Nkhope imodzi inali ya kasitomala, dokotala wa mano amene ankafuna kumanga nyumba ya zipinda zinayi. Inayo inali ya Rula, wojambula mapulani pa kampani yawo, amenenso anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo. Dzina la Rula analipeza chifukwa cha thupi: anali wamtali, woonda ndi woongoka, moti utamugoneka papepala ukhoza kulemba naye mzere. M'mawa umenewo anali atatchena jekete yakuda ndi taye yofiira, akuoneka ngati bwana wa kubanki.

"Nanga chimbudzi cha alendo mwachiika pati?" anafunsa dokotala.

"Funso labwino kwambiri. Dikirani ndikhale bwino, ndikuonetseni."

Rula anatsamira kumbuyo. Kunamveka kuti thyo! Nkhope yake inasowa. Pamalo pake panaoneka malata a denga, kenako miyendo iwiri yaitali itatambasuka m'mwamba ngati sizasi, kenako kabudula wa maluwamaluwa, kenako thovu loyera kuti mbee. Mawu omaliza amene Mayi Mapulani anamva anali a mng'ono wawo: "Mayo ine, zochapa zanga!" Basi, mbali ya Rula inangoti bii.

Dokotala anasendeza nkhope pafupi. "Pepani mayi, kodi chimenechi ndiye chimbudzi cha alendocho?"

Kampani ya Mayi Mapulani inali ya anthu atatu: eni akewo, Rula, ndi mayi wina wolandira mafoni amene aliyense ankamutcha Anti Halo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankagwira ntchito m'kachipinda ka pansi pa nyumba ina yosanja, pafupi ndi pokwerera basi. Koma makasitomala atazolowera kutumiza zonse pafoni, ndipo mwini nyumba atakwezanso lendi, mayiwo anati za ofesi zatha. Aliyense anasenza makina ake kupita nawo kwawo. Panali patapita miyezi isanu ndi itatu, ndipo mayiwo ankadzitama kwa anzawo kuti nzeru zotere sagula m'sitolo.

Atafika kwa mng'ono wawo anapeza Rula atagona chafufumimba pamphasa, jekete ndi taye zili m'thupi, akubuula. Mpando wa pulasitiki unali chagada, mwendo umodzi uli pawokha. Laputopu anali ataiimika pakhoma la khonde ngati kachihema, madzi akudontha m'makona.

"Alamu, ofesi ya kampani yanga ndi ino?"

"Netiweki, bwana," anayankha Rula, pakamwa pali pamphasa. "M'nyumba simugwira. Imagwira pano pokha, pakati pa mpopi ndi mzatiwu."

"Ndinawauza ine, achemwali," analowerera mng'ono wawo, akufinya malaya ndi mphamvu zonse. "Ndinati Lachiwiri ndi tsiku langa lochapa. Ndinatinso mpandowo ndinachita kuumanga ndi waya, ndi wokhalira ana. Iwo amvekere, 'Usandisokoneze, ndili pa msonkhano.' Msonkhano wovala kabudula!"

"Kunali kutentha," anatero Rula.

"Chakomachakoma pusi anagwa chagada," anatero Mayi Mapulani. "Dzukani, tipite nayo kwa wokonza."

Wokonza makompyuta anaitsegula, anainunkhiza, n'kuibweza. "Mayi, iyi yachapidwa kale. Changotsala n'kusita."

Laputopu imeneyo ndiyo inali khasu la kampani, yamphamvu kuposa ina iliyonse, yogulidwa ndi thukuta la chaka chathunthu. Pulani ya dokotala, ntchito ya milungu itatu, inali momwemo, ndipo sinali kwina kulikonse. Komabe mayiwo anadzilimbitsa.

"Musatekeseke, alamu. Mukuganiza kuti inshulansi ndimalipira chifukwa chokonda kalendala yawo?"

Anaimba foni pomwepo. Mawu aulemu anawauza kuti mkulu woona za ngozi abwera Lachinayi m'mawa kudzaona katunduyo. "Akupezani ku ofesi kwanu, mayi."

Mawu akuti ofesi anawakumbutsa kuti ofesiyo kulibenso. Atafika kunyumba anafukula mapepala a inshulansi pansi pa dilowa, mmene anawaika tsiku lomwe anawasayina. Anawerenga koyamba, n'kupukuta magalasi, n'kuwerenganso. Katundu wotetezedwa anali wopezeka m'chipinda chachitatu, pansi pa nyumba yosanja ija. M'munsi, m'tizilembo tonga nyerere, munali mawu akuti amene wasamuka adziwitse kampani pasanathe masiku makumi atatu. Mayi Mapulani, munthu amene ankakalipira amisiri chifukwa chosawerenga miyeso, anali atasayina osawerenga. Safunsa anadya phula.

Mawa lake Rula anabwera akuyenda chopendekeka, dzanja lili pamsana. Mayiwo anamuonetsa tizilembo tija. Akanakhala wantchito wamba akanamuthamangitsa tsiku lomwelo, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka: ana amene ankadya malipiro a Rula anali ana a mng'ono wawo.

Rula anawerenga, n'kumwetulira pang'ono. "Bwana, chipinda chachitatu chilipobe."

"Muli wometa tsitsi tsopano."

"Wometayo ndi mnzanga. Tikangobwereka chipindacho kwa ola limodzi, laputopu idzakhala kuti inagwera mu ndowa yokolopera, mu ofesi, monga mwa mapepala."

"Alamu, ine sindinanamepo papepala."

"Ndani wanena zonama? Ngozi inachitikadi. Madzi ndi oona, sopo ndi woona. Ife tikungoisuntha pang'ono ngoziyo. Kodi ntchito yathu si yomweyi? Kasitomala akati khoma ili lisunthe, timalisuntha."

"Chokani apa!"

Rula anachoka, koma mawu ake anatsala. Mayiwo anaganiza za zaka zisanu ndi ziwiri zimene analipira mokhulupirika osapemphako ngakhale babu. Anaganiza za dokotala, amene achibale ake atatu ankafunanso kumanga. Anadziuza kuti kampani ya inshulansi ndi njovu, singamve kulumidwa ndi nthata. Dzuwa lisanapendeke anali ataimbira Rula. "Ola limodzi lokha, mwamva? Ndipo wolankhula ndi inuyo."

Wometa anali munthu wonenepa, wansangala, wokonda nkhani kuposa ndalama. Anavomera msanga, bola Rula adzamujambulire pulani ya khola la nkhuku. Lachinayi m'mamawa atatuwo anali pa ntchito. Anaphimba magalasi onse ndi mapulani akale. Zithunzi za mametedwe anazitembenuzira kukhoma. Makina ometera, zipeso ndi mabotolo a mafuta zinalowa m'katoni. Anabweretsa desiki pa wilibala, n'kuikapo laputopu yakufayo, ndowa yokolopera ili pambali ngati mboni.

Chinthu chimodzi chinakana kusuntha: mpando wometera, waukulu, wachikopa chofiira, wokhomeredwa pansi ndi mabawuti.

"Umenewu ndi mpando wa bwana wamkulu," anatero Rula. "Makampani akuluakulu ali nayo yotere."

Vuto lina linalowa ndi miyendo. Woyendetsa basi wina, kasitomala wakale, anafika akuti ali ndi mphindi khumi zokha. Wometa sanathe kukana. "Mkulu wanuyo abwera naini koloko, apa nthawi ilipo," anatero, akutulutsanso makina m'katoni. Anali atameta mbali imodzi yokha pamene Rula, amene anaima pakhomo, ananong'ona kuti, "Akubwera! Wachikwama uyo!"

Makina anabwerera m'katoni. Woyendetsa basi anamukhazika pa benchi, n'kumuveka chisoti cha amisiri omanga, n'kumupatsa pulani. "Ndinu kasitomala, mukumanga nyumba. Musalankhule." Wometa anagwira tsache, kuti akhale wosesa mu ofesi.

Mkulu wa inshulansi anali munthu wamfupi, wa dazi pakati, tsitsi la m'mbali lometedwa mwaukhondo. Anali ndi chikwama chakale ndi mawu ofatsa ngati a munthu wopepesa. Atangolowa, tsache linagwa m'manja mwa wometa. Analitola, n'kuyamba kutsokomola, maso ali tong'o, akuyesa kukodola Mayi Mapulani. Mayiwo anaganiza kuti ndi mantha chabe, ndipo anamuyang'ana ndi diso lomuuza kuti adzigwire.

"Takulandirani, bambo. Khalani apa," anatero mayiwo, akuloza kampando ka pa desiki.

"Zikomo mayi, ndikhala pomwepa." Mkuluyo anakwera pa mpando wofiira uja. Phazi lake linapeza lokha popondera, dzanja linatsikira kumbali n'kukoka kachitsulo, mpando n'kutsika pang'ono kufika pa msinkhu wake. Anatsegula chikwama. "Tiyeni, chinachitika n'chiyani?"

Rula anafotokoza bwino kwambiri. Anati anali pa desiki, akujambula, wosesa akukolopa. Anati anatembenuka kuti ayankhe foni, chigongono n'kukankha laputopu. Anaonetsa ndi manja mmene inaulukira, mmene iye anadumphira kuti aiwakhe, mmene msana unalirira.

Mkuluyo anatsegula laputopu n'kuinunkhiza. "Sopo wabwino. Wa fungo la maluwa. Mumakolopera sopo wa zovala?"

"Timalemekeza makasitomala, bwana."

"N'zoonekeratu." Ndi zala ziwiri anasolola ulusi wautali wa buluu pakati pa mabatani, n'kuuika papepala mosamala. Kenako anayang'ana pansi, pamene tsitsi la woyendetsa basi linali mbwee. "Antchito anu akuthothoka tsitsi, mayi?"

Mayi Mapulani anatsegula pakamwa, koma Rula anawatsogolera. "Ntchito yoganiza kwambiri, bwana."

Mkuluyo anasisita dazi lake. "Ndikuidziwa imeneyo."

Munthu wina anasuzumira pakhomo. "Achimwene, mzere ndi wautali?"

"Mapulani atha, bwerani mawa!" anakuwa Rula. Munthuyo anayang'ana chikwangwani cha wometa panja, anayang'ananso m'kati, n'kuchoka akukanda m'mutu.

"Malonda akuyenda," anatero mkuluyo. Anatembenukira kwa wachisoti. "Nanga bambo, mukumanga ya zipinda zingati?"

Woyendetsa basi anayang'ana pulani, imene anaigwira chadodolido. "Zonse," anayankha.

Mkuluyo analemba kwa kanthawi, cholembera chikulira papepala. Atamaliza anawerenga mokweza zonse zimene Rula ananena: desiki, ndowa, chigongono, chipinda chachitatu. Kenako anatembenuza fomu, n'kupereka cholembera kwa Mayi Mapulani ndi manja awiri.

"Mwini kampani ndinu, mayi. Mukasayina apa ndiye kuti mwalumbira kuti zonsezi ndi zoona."

Mayiwo anagwira cholembera. Siginecha yawo inali yaitali, yokhala ndi mchira wopindika kumapeto, ndipo inali pansi pa pulani iliyonse imene inatuluka m'kampani yawo. Anthu ankagona pansi pa madenga olemera chifukwa chokhulupirira mchira umenewo. Pakhoma, kona ya pulani ina inali itamatuka, ndipo m'kachidutswa ka galasi anaonamo nkhope yawo: mayi wa zaka makumi asanu, wa magalasi, atazunguliridwa ndi wosesa wabodza, kasitomala wabodza ndi mlamu weniweni.

Anaika cholembera pansi.

"Bambo inu, vulani chisoticho," anatero kwa woyendetsa basi.

Chisoti chinachoka. Mutu unaonekera, mbali imodzi nkhalango, mbali ina bwalo la mpira.

"Muno si mu ofesi mwanga," anapitiriza mayiwo. "Ndinasamuka miyezi isanu ndi itatu yapitayo ndipo sindinakuuzeni. Laputopuyi inagwera m'beseni la zochapa, pakhonde la alamu angawa. Fomu yanuyo ing'ambeni."

Rula anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Mkulu wa inshulansi anapinda fomu ija pakati, n'kuibweza m'chikwama.

"Zikomo mayi. Mwandipeputsira ntchito, lipoti linalo likanakhala lalitali." Kenako anazunguliza mpando kuyang'ana wometa. "Nanga achimwene, Loweruka nthawi yomwe ija?"

Wometa anagwetsanso tsache. "Nthawi yomweyo, bwana. M'mbali mokha, monga mwa masiku onse."

"Ndimameta muno kuyambira mwezi umene anatsegula," anatero mkuluyo kwa mayiwo. "Nditaona keyala pa fayilo yanu ndinadziwa kuti lero kuli sewero. Ndinangofuna kuona pamene lithere. Mukanasayina, inshulansi yanu ikanafera pomwepo, dzina lanu likanamveka ku makampani ena, mwinanso mukanacheza ndi apolisi."

"Iwe, osandiuza bwanji?" anatero mayiwo kwa wometa.

"Mayi, ndatsokomola mpaka pakhosi pauma!"

"Tsono ine mundimaliza, kapena ndizikayendetsa basi chonchi?" anafunsa wa mutu wa mbali imodzi.

Mkuluyo anatsika pampando kuti mnzake amalizidwe. Makina akulira, iye anakhala pa benchi ndi Mayi Mapulani n'kuwafotokozera bwinobwino. Za laputopu anati aiwale, kampani siingalipire. "Miyezi yonseyi mwakhala mukuteteza mpweya wa m'chipinda chino. Koma laputopu ndi nkhani yaing'ono. Kale munali ndi khomo limodzi, loko mmodzi, denga limodzi. Lero muli ndi maofesi atatu, ndipo awiri mwa iwo simukudziwa kuti akuoneka bwanji. Mbala ikalowa kwa mayi wolandira mafoniyo n'kutenga kompyuta yodzaza maina ndi manambala a makasitomala, adzafunsa ndani? Kasitomala akapita kukatenga pulani kwa alamu anu, galu n'kumuluma, adzasumira galuyo?"

"Tilibe galu," anatero Rula.

"Muli ndi msana. Munthu akavulala akugwira ntchito yanu, mayi, pa nthawi ya ntchito yanu, ngakhale ali pakhonde pake, nkhaniyo ikhoza kukupezani inuyo."

Maso a Rula anawala. Dzanja linabwerera pamsana, ndipo anatulutsa kubuula kwakuya, kochokera pansi pa mtima. "Ndiye kuti, bwana, munthu wotereyo angalandire kangachepe?"

Mayi Mapulani anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Kubuulako kunafupika, kenako kunasanduka kutsokomola.

Tsiku lomwelo mayiwo anaimbira dokotala n'kumuuza zoona zokhazokha. Dokotalayo anaseka mpaka kupepesa, n'kuwaonjezera milungu iwiri. Kenako mayiwo anamutengera Rula kuchipatala, kumene anamupeza kuti ndi minofu chabe, n'kumupatsa mankhwala opaka. Laputopu yawo anaipereka kwa iye kuti ayambirenso pulani ija, iwo n'kufukula thabwa lawo lakale lojambulira ndi mapensulo.

Mlungu wotsatira mkulu uja anayendera maofesi atatuwo, kuti alembe inshulansi yogwirizana ndi kumene ntchito inali kuchitikiradi. Kwa Anti Halo sanachedweko. Kompyuta inali pa tebulo lake m'chipinda chokhoma, yofundikidwa nsalu yoluka, ndipo mayiyo ankasunga zonse kawiri, pa makina ndi pa intaneti, popanda womuuza. Mayi Mapulani anayang'ana Rula kuti amve yekha.

Kwa Rula mndandanda unatalika. Tebulo lilowe m'nyumba. Pagulidwe kachipangizo kokokera netiweki. Pakhale mpando wa miyendo inayi yobadwa nayo. Ntchito ya tsiku lililonse izisungidwanso pa intaneti dzuwa lisanalowe. Mng'ono wa mayiwo ankavomereza mfundo iliyonse ndi "Eya!" wamphamvu ngati ali m'tchalitchi.

"Mwamva, alamu?" anatero Mayi Mapulani mokweza, kuti anansi amveko. "Munthu wamkulu, wophunzira, kusunga katundu wa kampani ngati tomato wa pamsika! Ukhondo wa pantchito umayambira kunyumba."

"Ndamva, bwana. Tsono popeza kwatsala kwanu, ndiloleni nditsagane nanu, ndikaphunzire."

Mayiwo analibe chifukwa chokanira.

Mkulu wa inshulansi anaima pakhomo la chipinda chawo chodyera kwa nthawi ndithu, osalemba kanthu. Kenako anagwada n'kuyamba kulondola nthambo. Inachokera ku soketi imodzi kuseri kwa kabati, n'kubereka ina, inayo n'kuberekanso ina. Pa banja limeneli pankayamwa filiji, ketulo, simbi, wailesi, pulinta ndi matchaja anayi. Nthambo ina inadutsa pansi pa kapeti, ndipo pamene mkuluyo anavundukula panali banga lakuda lonunkha chiwawu. Pulinta inali pamwamba pa filiji. Mapepala a malo a dokotala, enieni a chidindo, anali pansi pa mbale ya zipatso, ali ndi chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi. Zenera loyang'ana kumsewu linali lomangidwa ndi chingwe cha nsapato.

Rula anatulutsa kabuku m'thumba. "Pang'onopang'ono, bwana, ndikulemba. Mwati ukhondo wa pantchito umayambira kuti?"

"Alamu, samalani."

"Ine ndangokumbuka kuti anyani sasekana zikundu."

Mkuluyo anadzuka akupukuta maondo. "Mayi, kunena mosapsatira, khonde la alamu anu linali lotetezeka kuposa muno. Kuja kunali madzi okha. Muno muli moto ukungodikira tsiku. Mulibe chipinda china?"

Chipinda chinalipo, kumapeto kwa kanjira ka m'nyumba, koma chinali ndi mwini wake. Amuna awo a Mayi Mapulani, mphunzitsi wopuma pantchito, ankasungamo nyuzipepala za zaka makumi awiri, mawailesi atatu akufa amene ankati adzawakonza, ndi njinga yopanda matayala. Anatulukira ali ndi nyuzipepala m'manja, atamva kuti ufumu wawo ukutchulidwa.

"Chipinda chimenecho ayi," anatero bambowo. "Muli mbiri ya dziko mmenemo."

"Bambo," anatero mkulu uja mwaulemu, "mapepala ouma otere, moto wa pansi pa kapetiwu ukadzafika, mbiriyo idzawala mpaka tsidya la msewu."

Bambowo anapita kukaona banga lija ndi maso awo. Analiyang'ana, anayang'ana mpando umene ankakonda kuwodzerapo masana, womwe unali pamwamba pake penipeni, ndipo sananenenso za mbiri.

Mayi Mapulani anasayina mapepala atsopano pa tebulo lomwelo, atawerenga mzere uliwonse, ngakhale tizilembo ta m'munsi, chala chikuyenda pansi pa mawu ngati mwana wa sukulu. Munali makeyala atatu, makina a m'nyumba zitatu, kuvulala kwa antchito ndi mapepala a makasitomala. Mtengo unakwera, ndipo anaumva m'mafupa, koma sanatsutse.

Loweruka nyuzipepala zinasamukira m'galaja. Wamagetsi anabwera n'kuika masoketi awiri atsopano. Kalipentala anakhoma loko pachitseko ndi chotsekera pazenera. Lolemba m'mawa mayiwo anasamba, anavala ngati akupita kutauni, anayenda masitepe asanu ndi awiri kuchokera kuchipinda chogona, n'kudzitsekera mu ofesi yawo yatsopano.

Cha m'ma folo koloko kunamveka kugogoda.

"Odi ku ofesi!" anali mawu a amuna awo. "Ndimafuna sikuludilaiva yanga, ndikuganiza kuti inatsalira pawindo."

"Muli ndi apointimenti, bambo?"

"Ndine mwini nyumba."

"Eni nyumba timawaona ikakwana faifi."

Anamva mapazi akubwerera, kenako mpando wa pabalaza ukulira. Faifi itakwana Mayi Mapulani anazimitsa magetsi, anakhoma chitseko, n'kuika kiyi m'thumba. Anapeza bambowo atakhala mowongoka, atapesa tsitsi, makapu awiri a tiyi ali patebulo.

"Mwaswera bwanji kuntchito?" anafunsa bambowo.

"Ndaswera," anayankha mayiwo, akuwapatsa sikuludilaiva. "Koma ulendo wake ndi wotopetsa."